Mafunso a Owerenga: Mwana akamavutika kuwerenga, kholo lingathandize bwanji pakhomo?

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukhudza ana amene akuvutika kuphunzira kuwerenga. Tasankhapo asanu ndipo tawafupikitsa, komanso mayina a olemba ndi a ana awo tawachotsa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Akonzi, mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 9, koma mpaka pano amawerenga modumphadumpha ngati wongoyamba kumene sukulu. Mawu amene wawerenga bwino pamzere woyamba, akawapezanso pamzere wachitatu amawayang'ana ngati sanawaonepo. Chodabwitsa n'chakuti mukamufotokozera nkhani pakamwa amaigwira yonse, ndipo amafunsa mafunso oposa msinkhu wake. Mlongo wake wa zaka 6 wayamba kale kumupitirira. Bambo ake akuti ndi ulesi, pamene mnzanga wina wanditchulira vuto lotchedwa dyslexia. Kodi limeneli ndi vuto lotani, nanga ine ndingachitepo chiyani?
Mayi wa ana awiri

YANKHO: Mayi, tiyambe ndi nkhani ya ulesiyo, chifukwa dzina limeneli likamatira pa mwana silichoka msanga. Mwana waulesi amazemba ntchito iliyonse yotopetsa, pamene wanuyu akulimbana ndi chinthu chimodzi chokha ndipo zinazo akuzichita bwino. Ana otere amakhetsa thukuta kuposa anzawo, popeza tsamba limene mnzawo amalimaliza m'mphindi ziwiri iwo amachita kulikwera ngati phiri, ndipo akayamba kuthawa buku amakhala akuthawa manyazi amene bukulo lakhala likuwapatsa.

Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi zimene dokotala wa ku England, W. Pringle Morgan, analemba mu 1896 zokhudza mnyamata wa zaka 14 wotchedwa Percy, yemwe anali wochangamuka pa masewera ndi pa masamu koma kuwerenga kunkamukanika, mpaka dzina lake lomwe ankalilemba kuti "Precy". Mphunzitsi wake ankati mnyamatayo akanaposa onse pasukulupo zikanakhala kuti maphunziro onse amaperekedwa pakamwa. Dzina lakuti dyslexia linali litayamba kale kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1880 ndi Rudolf Berlin, dokotala wa maso wa mumzinda wa Stuttgart ku Germany, ngakhale iye ankanena za akuluakulu amene anataya luso lowerenga ubongo wawo utavulala. Popeza ambiri mwa oyamba kulemba za vutoli anali madokotala a maso, kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti gwero lake lili m'maso.

Kafukufuku wa zaka zotsatira wapeza gwerolo pena. Mawu aliwonse amene timayankhula amapangidwa ndi timaliwu ting'onoting'ono, ndipo kuwerenga ndi ntchito yolumikiza lembo lililonse ndi liwu lake, kenako n'kuphatikiza maliwuwo mofulumira kuti mawu atuluke. Kuyankhula mwana amaphunzira yekha pongomva anthu, koma kuwerenga ubongo umachita kuphunzitsidwa. Mwana amene ali ndi dyslexia amavutika kusiyanitsa maliwu a m'kati mwa mawu, kuwasunga m'mutu ndi kuwatulutsa msanga. Mukamufunsa kuti mawu akuti "khomo" akuyamba ndi liwu lanji, kapena kuti chingatsale n'chiyani tikachotsa "kho" woyambayo, amasowa pogwira ngakhale makutu ake akumva bwinobwino. Umu ndi mmene ubongo wake unapangidwira, ndipo sizikhudzana ndi kuchepa kwa nzeru. Ziwerengero zimasiyana malinga ndi pamene ofufuza aika malire, koma ambiri amati ana 5 mpaka 10 mwa ana 100 aliwonse ali ndi vutoli. Limayendanso m'magazi, moti mwa ana 10 amene kholo lawo limodzi lili ndi dyslexia, pafupifupi anayi amakhala nayonso. Mungachite bwino kufunsa mwaulemu kumtundu kwanu ndi kwa bambo ake ngati panali wina amene sukulu inamukanika chifukwa cha kuwerenga, pakuti yankho lake nthawi zina limafewetsa mtima wa amene wafulumira kuweruza.

Kutsimikiza kuti ndi dyslexia ndi ntchito ya katswiri amene wakhala pansi ndi mwanayo n'kumuyesa. Musanafike kumeneko, mupiteni naye kuchipatala akamuyeze makutu ndi maso, chifukwa mwana amene makutu ake amatuluka mafinya kawirikawiri kapena amene saona bwino pabolodi amatsalanso m'mbuyo, chimodzimodzi amene anajomba kusukulu miyezi yambiri kapena amene akuphunzitsidwa m'chiyankhulo chimene sachimva. Koma musadikire chikalata cha katswiri kuti muyambe, popeza thandizo limene mwana wa dyslexia amafuna ndi lomwelo limene limathandiza mwana aliyense wovutika kuwerenga, kungoti iye amalifuna lochuluka, ladongosolo ndi lobwerezabwereza. Gulu la akatswiri limene boma la United States linakhazikitsa kuti liunike kafukufuku wa kuwerenga linanena mu 2000 kuti kuphunzitsa maliwu ndi malembo mwadongosolo kumapindula kuposa kuwaphunzitsa mwa apo ndi apo. Kale m'zaka za m'ma 1930, dokotala wa ubongo Samuel Orton ndi mphunzitsi Anna Gillingham anali atakonza njira yoti mwana aziona lembo, kulitchula ndi kulilemba ndi dzanja nthawi imodzi, kuyambira pa zosavuta n'kumakwera sitepe imodziimodzi.

Pakhomo mungachite motere. Ikani timiyala titatu patebulo ndipo tchulani mawu akuti "sukulu". Mwana akankhe kamwala kamodzi pa phatikizo lililonse, su, ku, lu, kenako mumufunse kuti kamwala kapakatiko kakuti chiyani. Apa palibe buku, choncho palibenso mantha. Akazolowera, dulani timakhadi tinayi n'kulembapo ma, ka, la ndi ta. Ayale ka, la, ta n'kuwerenga "kalata". Aike ma patsogolo apeze "makalata". Achotse ta kutsale "makala". Abweze ta n'kuchotsa ka, ndiye "malata". Mudzaona nkhope yake ikusintha pamene wazindikira kuti mawu anayi atuluka m'timapepala tomwe tija, ndiponso kuti mawu amamangidwa, sachita kulowezedwa onse. Phatikizo lililonse latsopano alilembe ndi chala patebulo kapena pansi uku akulitchula mokweza.

Pamene ana ambiri amapunthwa ndi pa maphatikizo a malembo angapo, monga mba, nda, nkha, mpha, ntcha ndi ng'a. Amenewa atengeni limodzilimodzi, ndipo musapite pa lina loyambalo lisanakhazikike. Kuti asiyanitse "ponya" ndi "phonya", kapena "kola" ndi "khola", aike chikhatho chake pafupi ndi pakamwa, atchule mawu onse awiri, amve kamphepo kamene kamatuluka pa achiwiriwo. Mumuuze kuti lembo la h ndilo chizindikiro cha kamphepo kameneko. Pomaliza mupatseni lembetso la mawu atatu kapena asanu ochokera pa zimene mwachita tsikulo basi. Zonsezi zisapitirire mphindi 15, koma zichitike pafupifupi tsiku lililonse, chifukwa pa ntchito imeneyi pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo maola awiri a tsiku limodzi pa sabata amangotopetsa nonse awiri. Chinanso, mlongo wakeyo asakhale pomwepo kumayankha m'malo mwake.

FUNSO: Akonzi, mwana wanga wamkazi wa zaka 6 amalemba b m'malo mwa d, ndipo nthawi zina 3 amamutembenuza. Ndamva kuti pali magalasi a mitundu amene amachiza vutoli. Kodi ndimugulire?
Bambo wa mwana mmodzi

YANKHO: Bambo, ndalamazo zisungeni. Kutembenuza malembo n'kofala mwa ana onse ongoyamba kulemba, ndipo ambiri amasiya akamafika zaka 7 kapena 8. Chifukwa chake n'chomveka: kuyambira ali khanda mwana amaphunzira kuti mpando ndi mpando basi, kaya wayang'ana kumanja kapena kumanzere, ndiye kusukulu n'kumene amakumana koyamba ndi zinthu zimene zimasintha dzina zikangotembenuka. Pachokha chizindikiro chimenechi sichitanthauza dyslexia. Chingakudetseni nkhawa ndi pamene chikupitirira msinkhu umenewo ndipo chikuyendera limodzi ndi kulephera kugwira maliwu a malembo.

Za magalasiwo, mabungwe a madokotala a ana ndi a maso a ku United States, kuphatikizapo American Academy of Pediatrics, ananena mogwirizana mu 2009 kuti palibe umboni wokwanira wakuti magalasi a mitundu kapena masewera olimbitsa maso amachiza dyslexia. Magalasi amene dokotala walemba chifukwa mwana saona bwino ndi nkhani ina, ndipo amenewo ngofunika. Pakali pano muphunzitseni b yekha kwa masiku angapo, akumayambira pamwamba kutsitsa mzere kenako n'kuzungulitsa mimba yake, ndipo d abwere pambuyo b atakhazikika, iye akumayambira pa kuzungulitsa. Dzanja likazolowera njira ziwiri zosiyanazo, limakumbutsa maso.

FUNSO: Akonzi, ndikuvomera kuti sindichedwa kupsa mtima. Madzulo aliwonse ndimakhala pansi ndi mwana wanga wa zaka 8 kuti awerenge, koma tisanamalize tsamba iye amakhala akulira, ine ndikukalipa. Amangoona lembo loyamba n'kulota mawu onse. Masiku ano akaona ndatenga buku amati m'mimba mukumupweteka. Kodi ndikulakwitsa pati?
Bambo wodandaula

YANKHO: Bambo, m'mimbamo mwina mukupwetekadi, chifukwa mantha amagwira m'mimba, ndipo mwana amene ali ndi mantha sangathe kusunga maliwu atatu m'mutu n'kuwaphatikiza. Kukalipa ndi mkwapulo zimamuphunzitsa kulota msanga kuti mavutowo athe. Choncho choyamba kuunika ndi buku lenilenilo. Mumvetsereni akuwerenga ndime imodzi ndipo muwerengere chamumtima mawu amene waphonya. Ngati akuphonya oposa amodzi mwa mawu 10 aliwonse, bukulo lamukulira, ngakhale litakhala la kalasi yake. Mupezereni losavuta, kapena mulembereni nokha ziganizo zisanu zokhala ndi maphatikizo amene akuwadziwa kale.

Chachiwiri ndi kakhalidwe kanu akakakamira pa mawu. Ofufuza a ku New Zealand, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, anaphunzitsa makolo njira ya masitepe atatu, omwe ndi kudikira, kuthandiza ndi kuyamikira. Mwana akaima, khalani chete masekondi asanu. Amenewa amaoneka ochepa, koma yesani kuwawerenga chamumtima mwana wanu akulimbana ndi mawu amene inu mukuwaona poyera, mudzapeza kuti lilime likuyabwa pa sekondi yachiwiri. Akalephera, muthandizeni, ndipo ife tingalangize kuti thandizolo lizimubwezera ku malembo: phimbani mbali ya mawuwo ndi chala, aone phatikizo loyamba lokha, kenako lachiwiri, n'kuwalumikiza. Musamuuze kuti ayang'ane chithunzi kuti alote, chifukwa chizolowezi chimenecho n'chimene mukufuna kuthetsa. Akalepheranso kawiri, muuzeni mawuwo mofatsa, awabwereze, mupitirize. Poyamikira tchulani chimene wachita, monga kunena kuti, "Ndaona kuti unawerenga 'kola', kenako unabwerera wekha n'kuona h uja." Kuyamikira kotere kumamusonyeza chimene ayenera kuchitanso mawa.

Masiku amene watopa, werengerani limodzi mokweza, mawu anu ndi ake akuyendera pamodzi pa liwiro lake, chala chake chili pansi pa mzere. Mugwirizane chizindikiro, monga kugogoda patebulo, chimene adzachite akafuna kupitiriza yekha. Akapunthwa, inu mulowenso popanda ndemanga. Kuwerenga ndime yomweyo katatu kapena kanayi pa masiku otsatizana kumathandizanso kuti aziwerenga mosadodoma, ndipo njirayi anaifotokoza wofufuza wina wa za kuwerenga, S. Jay Samuels, mu 1979. Ana ambiri amasangalala kuona kuti ndime imene Lolemba inawatengera mphindi zitatu, Lachinayi yawatengera ziwiri, malinga akupikisana ndi iwo eni.

Pali ntchito ina imene makolo amaisiya msanga, ndiyo kumuwerengera mwana. Ofufuza Philip Gough ndi William Tunmer anafotokoza mu 1986 kuti kumvetsa nkhani yolembedwa kumadalira zinthu ziwiri, kutha kutulutsa mawu m'malembo ndi kumva chiyankhulocho, ndipo chimodzi chikasowa chinacho sichikwanira. Chaka chomwecho wofufuza wina, Keith Stanovich, analongosola mmene mpata pakati pa ana umakulira: wowerenga bwino amawerenga zambiri n'kumadziwa mawu atsopano, pamene wovutika amawerenga zochepa n'kumatsalira ngakhale pa zinthu zimene nzeru zake zikanazitha. Mpata umenewu mungautseke ndi pakamwa panu. Muwerengereni mabuku a msinkhu wake, ngakhale oposerapo, mukumaima n'kufunsa kuti akuganiza kuti chichitike n'chiyani, ndipo pa nthawi imeneyi musamupemphe kuti awerenge ngakhale mzere umodzi. Kwa inu, Bambo, tingati muyambire pamenepa kwa sabata imodzi kapena ziwiri musanabwerere ku zoyeserera zija, ndipo tsiku limene mwabwera kuntchito mtima uli m'mwamba, ntchitoyo musiyireni wina.

FUNSO: Akonzi, mdzukulu wanga wa zaka 11, amene ndimakhala naye, amawerenga Chichewa molondola ngakhale mochedwa kwambiri, koma Chingerezi chimamukanikiratu. Kodi dyslexia ingagwire chiyankhulo chimodzi chokha? Nanga imatha mwana akakula?
Agogo opuma pantchito

YANKHO: Agogo, vutolo limakhala mwa mwanayo, koma chiyankhulo chilichonse chimaliulula mosiyana. M'Chichewa lembo la a limamveka chimodzimodzi paliponse, ndipo amene wadziwa maphatikizo angathe kutulutsa pafupifupi mawu aliwonse. Chingerezi chili ndi maliwu pafupifupi 44 koma malembo 26 okha, moti a yemweyo amamveka mosiyana m'mawu akuti cat, cake, car ndi call. Mu 2001 ofufuza motsogozedwa ndi Eraldo Paulesu anayerekeza anthu a dyslexia a ku Italy, France ndi England, ndipo anapeza kuti onse anali ndi vuto lofanana la maliwu komanso mbali yomweyo ya kumanzere kwa ubongo inkagwira ntchito mofooka powerenga, koma a ku Italy ankawerenga molondola kuposa enawo chifukwa kalembedwe ka chiyankhulo chawo n'kosasinthasintha. M'ziyankhulo zotere dyslexia imaonekera kwambiri pa kuchedwa ndi pa kulakwitsa polemba, choncho kuchedwa kwa mdzukulu wanuko musakuone mopepuka.

Pitirizani kulimbitsa chiyankhulo chimene amachiyankhula, chifukwa luso lophatikiza maliwu limasamukira ku chinacho. Pa Chingerezi, ayambe wamva mawu ndi kudziwa tanthauzo lake asanawaone papepala, aphunzire maliwu a malembo osati mayina ake okha, ndipo mawu ofanana kalembedwe aziwatengera pamodzi, monga light, night ndi right. Mawu osatsata lamulo, monga said ndi one, atengeni awiri kapena atatu pa sabata.

Dyslexia siitha ngati chimfine. Ambiri amafika powerenga molondola, koma amakhalabe ochedwerapo ndipo kalembedwe ka mawu kamawavutabe ngakhale atakula, pamene ena mwa iwo amamaliza maphunziro apamwamba. N'chifukwa chake kuli koyenera kupempha sukulu kuti izimupatsa nthawi yowonjezera pa mayeso, isamamuimiritse mwadzidzidzi kuti awerenge pamaso pa anzake, ndiponso kuti pa maphunziro ngati sayansi aziona kaye ngati yankho lili lolondola asanachotse malikisi chifukwa cha kalembedwe. Kubwereza kalasi popanda kusintha kaphunzitsidwe kawirikawiri kumangobwereza zotsatira zomwezo.

FUNSO: Akonzi, kalatayi wandilembera ndi mnzanga chifukwa ine sukulu sindinapite nayo patali. Aphunzitsi akuti mwana wanga wa zaka 7 akutsalira pa kuwerenga ndipo ndizimuthandiza kunyumba. Ndingamuthandize bwanji pamene ine ndemwe ndimavutika?
Mayi wofuna thandizo

YANKHO: Mayi, gawo lalikulu la maziko a kuwerenga limamangidwa ndi khutu ndi pakamwa, ndipo zimenezo muli nazo. Mu 1983 Lynette Bradley ndi Peter Bryant a ku yunivesite ya Oxford anasonyeza kuti ana amene amatha kumva mawu ofanana mamvekedwe asanayambe kuwerenga amadzawerenga bwino pambuyo pake, ndiponso kuti luso limeneli lingaphunzitsidwe. Mukamagwira ntchito zapakhomo, muuzeni atchule zinthu zisanu zoyamba ndi liwu la "m", kapena apeze mawu omveka ngati "dzina". Ombani m'manja pa phatikizo lililonse la mayina a abale. Tchulani mawu modukizadukiza, monga "ga, li, mo, to", iye anene kuti mwati chiyani, kenako musinthane kuti iye akuyeseni inu, ndipo nthawi zina muzilakwitsa dala kuti akukonzeni. Musimbireni nkhani, kenako aibwereze motsata ndondomeko yake, chimene chinayamba, chotsatira ndi chomalizira.

Madzulo mukhale naye pafupi akamawerenga buku lake la kusukulu. Ngakhale simukutsata malembo onse, khutu lanu lidzamva pamene chiganizo sichikumveka, ndipo mungamufunse kuti, "Kodi munthu angayankhule choncho? Tabwereza." Ngati pali wamkulu wina wodziwa kuwerenga amene ali woleza mtima, mupempheni mphindi 15 zokha patsiku kuti achite naye za timakhadi zimene tafotokoza m'yankho loyamba lija. Foni imene imatha kujambula mawu ingathandizenso: wina awerenge ndime ya m'bukulo n'kuijambula, mwana aziimvera akutsata ndi chala.

Mukapita kukaonana ndi aphunzitsi, musakangomva kuti mwana akutsalira n'kubwerako. Afunseni kuti ndi malembo ati amene akuwadziwa kale, ndi maphatikizo ati amene akumuvuta, ndipo muwapemphe akulembereni atatu okha pakapepala kuti mukagwirepo ntchito sabata imeneyo. Sabata ikatha, bwererani ndi kapepala komweko kuti amuyese pa atatuwo asanakupatseni ena.